Zovala Zonyowa pa Waya wa Mwayiwathu

Amene muli ndi mtima wosachedwa kupsa senderani kuno, chifukwa nkhani iyi ndi ya munthu wonga inu. Ineyo ndikaikumbukira magazi amawirabe.

Panali kaputeni wina dzina lake Yonasi Kamtedza, amene ankayendetsa boti lonyamula anthu ndi katundu pakati pa chilumba ndi kumtunda. Botilo linkatchedwa Mwayiwathu. Mwini wake anali a Matewere, bambo wa mimba yake, wouma manja gwa, woti akakupatsa moni uzionanso ngati zala zako zabwerera zonse. A Matewere anali ndi boti linanso lakale lotchedwa Tafika, ndipo ankaliyendetsa anali Lufeyo, mng'ono wake wa Yonasi.

Pakati pa nyanja foni imasanduka chidole. Ukafika pamene mapiri a uku ndi uku amaoneka ngati utsi, chokulumikiza ndi anthu a kumtunda ndi wayilesi ya ovaova basi. Wayilesiyo payokha ndi chitsulo chabe. Imafuna waya wa eriyo, wochokera pansonga ya mlongoti kutsikira kumbuyo kwa boti, komanso kabokosi kotchedwa tchuna, kamene kamayanjanitsa wayilesi ndi wayayo. Kabokosi kameneka kamagwira ntchito kokha. Kanthu kakakhudza waya, kaya ndi mbalame kaya nsalu yonyowa, kamalira kuti ke-ke-ke-ke, kufunafuna poyanjanira, ndipo kakapeza kamakhala chete.

Timabokosi timene ankagula a Matewere tinali tonyezimira kunja, m'kati muli zinyalala. Kena kanafa ndi chinyezi dzinja lisanathe. Kena kanangofuka utsi tsiku lina Yonasi akupereka moni kudoko. Yonasi analalata mpaka mawu kusasa, ndipo pamapeto pake a Matewere anabwera ndi kabokosi kena kolemera, kopakidwa penti yotuwa imene inali isanaumitsitse.

"Aka kachokera ku Joni," anatero. "Ukakaphanso aka, ndiye kuti mfiti ndi iweyo."

Anakamangirira okha pansi pa shelefu ya m'kachipinda ka chiwongolero. Ndipo zoonadi kanali kolimba. Mvula, chinyezi, mafunde, konseko kankangoseka.

Pasanapite nthawi, Tafika inamira ndi mwera pakati pa nyanja. Inapita ndi Lufeyo, anzake ogwira nawo ntchito, ndi anthu amene inanyamula. Palibe mtembo umene unayandama. Tsiku limenelo Yonasi anali padoko, wayilesi ili chitsegulire, khutu lili pomwepo kuyambira m'mawa, ndipo sanamve ngakhale kutsokomola.

A Matewere anafika pamaliro ndi nkhope yachisoni ndi mawu akupha. "Mnyamata uja ankamwa," ankanong'oneza anthu. "Wayilesi anali nayo. Bwanji sanaitane?"

Banja linaika thunthu la nthochi m'manda, monga timachitira munthu akasowa m'madzi. Yonasi sanalire. Anaima pamtumbira mano ali kukukuta, ndipo anthu atabalalika anatukwana nthochiyo ngati ikumva. "Chitsiru iwe! Batani lokha linakukanika kukanikiza? Ine ndinali pomwepo!" Mkwiyo umenewo anapita nawo kunyanja, ndipo ankaudya ankaugonera.

Yonasi anali ndi lamulo limodzi limene aliyense wokwera Mwayiwathu ankalidziwa: waya wa eriyo si chingwe choyanikira. Koma mukudziwa anthu athu. Mayi akaona waya wokungika bwino padzuwa, thewera la mwana lili m'manja, mtima sugwira. Ndiye kabokosi kakangolira, Yonasi ankatuluka ngati walumidwa ndi mavu, n'kukokera pansi zitenje za eni ake, mwano uli tho.

Tsiku lina kabokosi kanalira nyanja ili bata, dzuwa lili paliwombo. Ke-ke-ke-ke. Yonasi anatuluka mwano uli kale pamilomo, koma pawaya panalibe kanthu. Panalibe mbalame, panalibe nsalu. Wayayo ankangodontha madzi, ndondondo, pamalo amodzi, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Anatsonya n'kubwerera.

Ulendo wotsatira kanaliranso, ndipo ulendo umenewu anapezapo buluku. Linali lonyowa chonchi, lolemera, lozizira ngati latuluka mu ayezi.

"La ndani ili?" anakuwa, atalikweza m'mwamba.

Anthu anangoyang'anana. Analiponya m'nyanja, ndipo linamira nthawi yomweyo osayandama n'pang'ono pomwe.

Kenako kunayamba kusowa zinthu. Si ndalama ayi, si mafoni. Zovala zouma. Bambo wina anatsegula chikwama kumtunda n'kupeza shati yake ya kutchalitchi mulibe. Mtsikana wina anasowa juzi. Anthu anayamba kulozana zala, ena anagwirana pakhosi, ndipo mbiri inamveka yoti mu Mwayiwathu muli wakuba. Koma chovala chouma chikasowa chimodzi, kabokosi kankalira, ndipo pawaya pankapezeka chovala chonyowa chopanda mwini. Witinesi, bambo amene ankasamala injini, anasiya kudyera kumbuyo kwa boti. Atafunsidwa chifukwa chake anangoti kumazizira.

Panali mayi wina wogulitsa nsomba zouma, Nachuma, amene ankakwera botilo pafupipafupi ndipo sankaopa pakamwa pa Yonasi. Tsiku lina anatola malaya amene Yonasi anagwetsa pawaya, n'kuwanunkhiza, n'kuwasiya pansi msangamsanga.

"A kaputeni, izi si za munthu wa muno. Zikununkha matope a pansi."

"Mayi, musandiyambitse. Pali wina akusewera nane, ndipo tsiku ndidzamugwire adzasambira mpaka kwawo."

"Ine ndangonena. Koma munthu sayanika pachingwe cha eni ake tsiku ndi tsiku osapempha. Amatero pachingwe chake."

Yonasi anamuyang'ana ndi diso lofiira, koma mawuwo anamukhala pamtima ngati munga wa nsomba pakhosi.

Tsiku la nkhani yathu a Matewere anakwera nawo, akuti akaone okha wakubayo amene ankawathawitsira makasitomala. Ananyamuka pachilumba m'mawa, boti lili tho ndi anthu, ana, matumba a nsomba ndi mbuzi ziwiri. Nyanja inali bata lodabwitsa, losalala ngati mafuta, bata limene anthu a m'madzi salikonda. Atafika pakati, anaona utsi wakuda ukutuluka m'madzi kutsogolo kwawo. Zinali nkhungu, tizilombo tija timaphulika m'nyanja n'kukwera ngati mtambo. Yonasi anayesa kuzilambalala, koma mtambowo unakhota nawo.

Kunada masanasana. Nkhungu zinalowa m'maso, m'mphuno, m'kamwa. Amayi anafunditsa ana zitenje. Galasi la kutsogolo linamatika bii, moti Yonasi akalipukuta ankangopaka phala. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenako zii.

"Zatseka popumira!" anakuwa Witinesi ali pansi. "Zalowa mpaka m'kati. Sindilonjeza, a kaputeni!"

Mtambowo utayamba kupyapyala, Yonasi anayang'ana kumwera. Kunali mzere wakuda pamadzi, wokhala ndi thovu loyera pamwamba. Mwera unali m'njira. Boti lodzaza chonchi, lopanda injini, mwera sulifunsa dzina. Chotsala chinali chimodzi: kuitana kudoko kuti atumize boti lodzawakoka, ndipo kuitanako kumveke mphepo isanafike.

Anatenga cholankhulira. Asanakanikize n'komwe, kabokosi kanayamba. Ke-ke-ke-ke. Kanapuma. Ke-ke-ke-ke. Kanapumanso, n'kuyambanso, ngati pali anthu ali pamzere, aliyense akuyanika chake n'kupatsa mnzake malo. Sikankapeza poyanjanira, ndipo wayilesi inkangoti fooo.

"Kafa kameneka?" anafunsa a Matewere ali pakhomo, thukuta lili kamukamu.

"Ka ku Joni kamafa?" anayankha Yonasi.

Anagwada, n'kukoka kabokosiko ndi ukali kuti aone ngati pali waya womasuka. Zomangira zinazuka, kabokosi kanatembenuka m'manja mwake, ndipo anaona kunsi kwake kumene penti sinafike. Mabowo onse olowera mawaya anali omatidwa ndi phula la njuchi. Pamwamba pa phulalo panali pokulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, yomangidwa mfundo yopita kumanzere. Yonasi ankaidziwa mfundo imeneyo kuyambira ali ana, akumanga malegeni. Lufeyo anali wamanzere, ndipo palibe wina pa nyanja yonseyi amene ankadyetsa makina phula ngati mwana.

Anadzuka pang'onopang'ono.

"Bwana, Joni wake ndi uti?"

A Matewere anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa inu! Kabokosi aka munakachotsa kuti?"

"Iwe, ino si nthawi yake."

"Munakachotsa mu Tafika!"

"Maboti onse ndi anga," anatero a Matewere, mwano ulipobe. "Ndinangosuntha katundu wanga. Iweyo ndi amene unkandisowetsa mtendere tsiku ndi tsiku. Boti latsopano ndi limene limafunika zabwino."

"Nanga mwa Lufeyo munaikamo chiyani?"

"Kaja kanafuka utsi kaja. Anakakonza m'tauni. Anandiuza kuti kadzuka."

Abale anga, pali mkwiyo wina umene umakuwa, ndipo pali wina umene umaumitsa lilime. Yonasi anaona mng'ono wake ali m'madzi ofika m'chiuno, akukanikiza batani, akuitana dzina la mkulu wake m'kabokosi kakufa, akukanikizanso, mpaka madzi kumutseka pakamwa. Ndipo iye, Yonasi, anakatukwana nthochi pamanda. Anagwira a Matewere pakolala n'kuwakanikizira kukhoma mpaka maso anatuzuka.

"Munati ankamwa," anatero motsitsa. "Pamaliro ake. Amayi anga akumva."

Akanawapha pomwepo, ndipo ine sindikanamudzudzula. Koma kunja kunamveka mfuu ya Nachuma.

"A kaputeni! Tulukani muone!"

Yonasi anawasiya n'kutuluka. Anthu onse anali ataunjikana kutsogolo kwa boti, ena akupemphera, ena atabisa nkhope. Palibe amene ankafuna kuyang'ana kumbuyo. Waya yense, kuyambira pamlongoti mpaka kumapeto, anali wodzaza ndi zovala. Mabuluku, zitenje, madilesi, kajuzi ka mwana wakhanda. Zonse zinkachucha madzi akuda. Wayayo anali atagwa mimba, mlongoti utawerama ngati nsungwi, ukulira. Chakumapeto kunali shati yabuluu yong'ambika pathumba, imene Yonasi anagulira Lufeyo ndi manja ake. Inali ikugwedezekabe, ngati woyanikayo wangoisiya kumene.

Yonasi anaponya phazi limodzi. Pomwepo mwera unafika.

Unamenya boti m'nthiti, mlongoti unathyoka kuti thyo, n'kugwera m'nyanja. Zovala zonse zinatsetsereka n'kupita nawo. Waya anaduka kunsonga n'kugwera padenga lachitsulo la boti, n'kumangokwawa pamenepo. Mvula inayamba, mafunde anayamba kulowa, ana anayamba kulira. Kabokosi kanati zii, osati chete wa kupeza, koma chete wa kutaya mtima. Waya wogona pachitsulo satumiza mawu kulikonse.

Yonasi anabwerera m'kachipinda n'kupeza a Matewere atakhala pansi, atakumbatira jekete yoyandamitsa imene anailanda pakhoma.

"Dzukani. Mukwere padenga, munyamule waya uja m'mwamba, mumugwire choncho mpaka nditamaliza kulankhula."

"Wapenga? Waya ameneyo amaotcha womugwira wina akamalankhula pawayilesi! Amapsereza mpaka fupa! Mangirira pamtengo!"

"Mtengo wake uti? Mlongoti wapita. Muno mulibe chouma ngakhale chimodzi. Mupse manja, bwana. Anzanu anapsa mapapo."

"Mafunde andikokolola! Ine ndili ndi ana!"

"Amene ali panjawo ndi mbuzi?"

A Matewere anangokumbatira mwendo wa shelefu n'kuyamba kulira ngati mwana. Yonasi anawayang'ana monyansidwa. Anawaponyera cholankhulira pachifuwa.

"Ndiye lankhulani inu. Mukanikize apa, munene dzina la boti, munene kuti tili pakati, kumpoto kwa miyala ya mbalame. Ndikagwira ndine."

Anatembenuka, n'kugwira chitseko.

Ke-ke-ke-ke.

Anaima. Kabokosi kanalira pang'ono, kanasinthasintha mawu, kenako kanakhala chete. Wayilesi inasiya kufoola. Munayamba kumveka timawu takutali ta anthu a kudoko, akukambirana za simenti.

Yonasi anasuzumira pa kagalasi ka kumbuyo, kamene kanali komatika ndi nkhungu zakufa ndi mvula. Sankaona bwino. Koma waya sanalinso padenga. Anali atakungika, kuchokera kumbuyo kwa boti kukwera m'mwamba, kufika pamene pangafike dzanja la munthu wamtali ataimirira padenga. Pamenepo mvula inkagwa mokhota, ngati ikulambalala chinachake. Funde linakwera n'kusesa denga lonse, koma nsonga ya wayayo sinasunthe. Inali chakumanzere.

A Matewere nawonso anaona. Cholankhulira chinawapulumuka, ndipo pansi pamene anakhala panayamba kuyenderera madzi amene sanali a nyanja.

Yonasi anatola cholankhuliracho. Chala chake chinafika pabatani n'kuuma. Ankadziwa chimene batanilo limachita padzanja logwira waya. Anamuonapo munthu atangokhudza pang'ono, khungu n'kuyera ngati nsomba yowiritsa. Kunja mwana wina ankaitana amayi ake, ndipo boti linapendekeka mpaka matumba anagubuduzika.

"Mphwanga," ananong'ona. "Ndinakutukwana."

Anakanikiza.

"Doko, doko, ino ndi Mwayiwathu! Injini yafa, mwera watipeza, tili ndi anthu ambiri, tili pakati kumpoto kwa miyala ya mbalame, tumizani boti, fulumirani!"

Analankhula mothamanga, mawu akupondana, n'kusiya batani ngati lamuotcha iyeyo. Padenga panamveka kamawu, kaja amachita munthu akamakoka mpweya m'mano kuti asalire. M'kachipindamo munalowa fungo. Sindikuuzani fungo lake. Nachuma, amene anali ataima pakhomo, anagwira pakamwa n'kugwada.

Wayilesi inakhosomola, ndipo munamveka mawu a bambo wa kudoko, aulesi, ngati akutafuna chinangwa.

"Amene mukuitana, mwathamanga kwambiri, sindinagwire kanthu. Ndinu ndani, ndipo muli pati? Bwerezani. Ova."

Yonasi anamenya khoma ndi chibakera mpaka khungu linasupuka. Anatukwana bambo wa kudoko, anatukwana a Matewere, anatukwana amene amapanga zinyalala n'kuzipaka utoto wonyezimira kuti anthu akafe nazo pamadzi. Kenako anayang'ananso pakagalasi. Waya anali atatsika pang'ono, akunjenjemera. Ali chiyang'anire, anakweranso, pang'onopang'ono, mpaka pamene anali poyamba. Ulendo uno nsonga yake inali chakumanja.

Misozi imene inakana kutuluka pamanda inatuluka pamenepo, yotentha, yaukali. Yonasi anaipukuta ndi mkono, anakoka mpweya, n'kukanikizanso.

"Doko. Ino ndi Mwayiwathu. Mwayi-wathu. Injini yafa. Tili pakati pa nyanja. Kumpoto kwa miyala ya mbalame. Ndibwereza. Kumpoto. Kwa miyala. Ya mbalame."

Boti lodzawakoka linawapeza madzi atafika m'mawondo, ndipo onse anatsika pamtunda ndi miyendo yawo, a Matewere omwe, poti nyanja nayo nthawi zina imasankha zodya. Amene anali m'botimo mpaka lero amatama Yonasi. Amati sanaonepo munthu wolimba mtima chotere, woti imfa ili pakhomo iye n'kumalankhula modekha, liwu limodzilimodzi, ngati akuphunzitsa ana a sukulu.

Kudekha kwake kuti? Munthuyo ankamva fungo la mng'ono wake pa liwu lililonse. Analankhula pang'onopang'ono dala chifukwa ankadziwa kuti akauzidwanso kuti abwereze, Lufeyo analibe dzanja lachitatu.